Diresi la Nkhanga Zozondoka

Chaka chimene tinavundukula chiliza cha bambo, ndinasoka madiresi khumi ndi awiri a nsalu imodzi. Ndine telala. Ndimasokera pakhonde pa nyumba ya makolo anga ku Nguboyenja, pa makina akuda opalasa ndi miyendo amene bambo anandigulira atapuma ntchito kunjanji. Iwo anabwera kuno ku Bulawayo kuchokera ku Dedza ali mnyamata, ndipo ife tonse, achimwene, ine ndi mng'ono wanga, tinabadwira m'nyumba yomweyi.

Ife a Chinyasa kuno tili ndi chizolowezi chathu. Tsiku lovundukula chiliza, akazi a pabanjapo ndi ena a m'sosayeti ya maliro amavala nsalu yofanana, kuti wofika kumanda adziwe eni mwambo ndi ati. Ambiri amangogula nsaluyo m'tauni. Amayi anakana kwamtuwagalu. Anati amuna awo sangakumbukiridwe ndi nsalu yoti mawa ukaipeza ili katani pawindo la munthu ku Makokoba. Nsaluyo ichokere kumudzi basi.

Inabweradi ndi azakhali, pa basi, ulendo wa masiku awiri. Inali yobiriwira, yokhala ndi tinkhanga tachikasu toyenda pamzere. M'Bulawayo monse munalibe sitolo yogulitsa nsalu yotero, ndipo tinanyada nazo kwambiri. Vuto linali limodzi. Azakhali anagula poganizira matupi athu a zaka khumi zapitazo, pomwe ine ndekha masiku ano ndimadya nsalu ya anthu awiri. Ndinayamba kusoka a akuluakulu, kenako a alendo, kenako langa. La mng'ono wanga ndinalisiya kumapeto, poti wa m'nyumba amadikira. Pofika pa iye, kutsogolo kunakwana bwino, koma chidutswa chotsalira kumsana chinkakwana pokhapokha nditachizondotsa. Ndinamuonetsa.

"Nkhanga zako zakumsana zikhala miyendo m'mwamba," ndinamuuza.

Iye anangoseka. "Sokani, asisi. Ndani adzandiyang'ane kumsana?"

Mwambo unayenda bwino. Amene anaona zozondokazo ndi azakhali okha, anamuseka pang'ono, ndipo patatha sabata anakwera basi kubwerera ku Dedza. Tinkhangato n'tating'ono, ndipo mng'ono wangayo ankakonda kuvala juzi pamwamba.

Tenti ndi mipando ya tsikulo zinachokera kwa bwana wina wandale, amene sindimutchula dzina. Anali mkulu wolemekezeka wa sosayeti yathu. Ankati agogo ake aamuna anachokera ku Ntcheu, ndipo agogo amenewo ankawakumbukira kwambiri chisankho chikayandikira. Chichewa chake chinali "Muli bwanji nonse," akatero n'kulowa Chindebele mpaka kumapeto. Azimayi ankalulutira ndithu. Atatha kulankhula anatipatsa moni wa pamanja mmodzimmodzi, ife tili ndandanda m'madiresi athu obiriwira.

Ndinene za mng'ono wanga. Ankagwira ntchito pa fakitale ya mabulangete mpaka inatsekedwa. Mwamuna wake anapita ku Joni, anaimba foni miyezi ingapo, kenako zii. Anabwerera kwathu ndi ana awiri, mtsikana ndi mnyamata. Patapita nthawi anatiuza kuti wapeza ganyu yoluka tsitsi m'tauni. Ankachoka m'mawa, n'kubwera dzuwa lisanalowe ndi shuga, mafuta ophikira, nthawi zina nsapato za ana. Ine ndinkaona kuti manja ake sanunkha mafuta a tsitsi ngati a anthu ena oluka. Ndinaona, sindinafunse, ndipo shugayo ndinkathira mu tiyi wanga. Izi ndikunena kuti wina asaganize kuti ine ndinali woyera pa nkhaniyi.

Diresi la nkhanga analikonda. Ankalivala kawirikawiri, ngati mmene ankachitira atsikana ena amene linawakhala bwino. Langa ndinangovala tsiku la chiliza lokhalo n'kulipinda mu sutikesi, chifukwa ndikalivala ndinkaoneka ngati khola lonse la nkhanga likuyenda.

Panatha miyezi isanu. Lachiwiri lina m'mwezi wotentha ndinapita m'tauni kukagula ulusi ndi mazipi. Pakona pomwe amagulitsa nyuzipepala, zitayalidwa pansi ndi kupsinjidwa ndi miyala, panali anthu ambiri owerenga osagula. Ndinasuzumira. Inali nyuzipepala yaing'ono ija ya miseche, imene aliyense amati sawerenga koma amadziwa zonse zili m'menemo. Patsamba loyamba panali bwana wathu uja, ataima pakhomo la loji ina, malaya ali kunja kwa buluku, dzanja atatambasulira wojambula. Kumbuyo kwake mkazi ankathawira kugeti, atapereka msana, chikwama ataphimba nacho mutu. Diresi lake linali lobiriwira.

Ndinagula nyuzipepalayo, koyamba m'moyo wanga. Mu kombi sindinaitsegule, poti anthu onse, kuyambira dalaivala mpaka gogo wa kumpando wakumbuyo, ankakamba zomwezo. Nditafika kunyumba ndinavala magalasi. Chithunzicho sichinali chooneka bwino, koma msoko wanga ndimaudziwa ngati mmene mayi amadziwira kulira kwa mwana wake. Nkhanga zakumsana zinali miyendo m'mwamba.

Nkhaniyo inati bwanayo wakhala akupita kulojiko kwa nthawi, kukumana ndi akazi ogulitsa thupi, ndipo achibale a mkazi wake ndiwo anatsina khutu atolankhani. Mkazi wa pachithunziyo ankamutcha "mkazi wa usiku," chonsecho mthunzi wake unali pansi pa mapazi, dzuwa lili paliwombo. Dzina lake atolankhaniwo analibe. Nkhope yake analibe. Anali ndi msana wokha.

Mng'ono wanga ndinamupeza kuseri, akuchapa yunifolomu za ana. Anandiyang'ana kamodzi n'kubwezera maso m'beseni.

"Mwaona?" anafunsa.

"Ndaona."

"Nanga amayi?"

"Maso awo saona zing'onozing'ono. Diresi lili kuti?"

"Pansi pa matiresi."

"Likhale komweko."

Tinalankhula zokhazo. Ndinali ndi mkwiyo woti ndikanamumenya ndi beseni lomwelo, komanso ndinali ndi mantha. Mantha ndiwo anapambana. Ndinadziwa kuti akadziwika, m'lokeshoni muno sakhalamonso, ndipo ana ake adzakula akulozedwa zala. Ndinatsimikiza mumtima kuti dzina lake silidzatuluka pakamwa panga, ndipo silinatulukedi.

Koma nsalu ija tinanyada nayo inatitembenukira. Pofika masana, wa Chinyasa aliyense kuyambira ku Nguboyenja mpaka ku Barbourfields ndi ku Mzilikazi anali atadziwa kuti diresilo ndi la chiliza cha bambo. Anthu anayamba kuwerenga pa zala. Pa akazi khumi ndi awiri aja, asanu ndi awiri tinapulumuka chifukwa cha ukalamba kapena kunenepa. Aka kanali koyamba thupi langali kundithandiza. Anatsala asanu: mng'ono wanga, mlamu wanga mkazi wa achimwene, msuweni wathu, ndi atsikana awiri a m'sosayeti.

Bwana uja sanavutike kwambiri. Anauza atolankhani kuti ndi chiwembu cha adani ake andale, ndipo Lachinayi panatuluka chithunzi chake atagwirana dzanja ndi mkazi wake, onse akumwetulira ngati a pa kalendala. Nyuzipepala itaona kuti kwa bwanako kwauma, inatembenukira kwa mkazi wa ku loji uja. Lachisanu inasindikiza msana wokhawo, waukulu, n'kufunsa owerenga kuti mkazi wa nkhangayu ndani. Pa wailesi anthu ankaimba foni kunena maganizo awo. Azibambo amene ndimawadziwa bwino mayendedwe awo ankalankhula za makhalidwe abwino mpaka thovu kukamwa.

Pakhonde panga panadzaza makasitomala sabata imeneyo. Munthu ankabwera ndi buluku loti ndilipinde m'miyendo, lopindidwa kale. Ankakhala pabenchi, kufunsa za amayi, kudandaula za madzi ovuta, kenako n'kufika pomwe wadzera.

"Kanti sisi, inu simungadziwe? Telala amadziwa msana wa munthu aliyense."

"Nsalu ndi imodzi," ndinkayankha. "Ndidziwa bwanji?"

Anabweranso mtsikana wina wa nsapato zabwino, wachilendo m'dera lathu, n'kundionetsa chithunzi chija pa foni kuti ndimusokere lotero. Kabuku kankaonekera m'chikwama chake. Ndinamuuza kuti nsaluyo ili ku Dedza, basi imanyamuka Lachitatu. Anaseka, anapita, koma maso ake anali atazungulira bwalo lonse.

Mpaka pamenepo ndinkagwira bwino. Zinasokonekera Loweruka.

Cha m'ma teni m'mawa, mayi wina woyandikana ndi achimwene ku Barbourfields anandiimbira kuti ndithamange. Ndinapeza zovala za mlamu wanga zili mbwee pabwalo, zina m'matumba, zina pafumbi. Iye anali atakhala pa sitepe, mlomo wotupa, osalira n'komwe. Anthu anali atatsamira mpanda ngati akuonera mpira. Achimwene anaima pakati, nyuzipepala ili m'manja. Tsoka la mlamu linali lakuti tsiku lojambulidwa chithunzicho iye anapitadi m'tauni, kuchipatala, atavala diresi lakelo, ndipo anachedwa pamzere. Kadi ya kuchipatala anaonetsa, koma achimwene anati kadi aliyense angathe kulemba.

Mlamu wanga ameneyu ndi amene anasamala bambo miyezi yawo yomaliza, kuwasambitsa ndi kuwatembenuza, ife ana awo tikuti tatopa. Kumuona pa sitepe paja kunandiwawa kwambiri.

Achimwene atandiona anati, "Eya, wabwera mwini wake. Iwe ndiwe unasoka. Nena pano, anthu amve. Ndi lake kapena si lake?"

"Si lake, achimwene."

"Ukumuikira kumbuyo."

"Ndati si lake."

"Manje ndikhulupirire pakamwa pako? Nsalu ndi imodzi, si mmene wakhala ukuuzira anthu sabata yonse?"

Anandigwira ndi mawu anga omwe. Anatola thumba lina n'kuliponya kunja kwa geti, ndipo mwana wawo wamng'ono anayamba kulira m'nyumba. Apa mutu wanga unaima. Chimene chinatsala m'mutumo ndi utelala wokha. Ndinatola diresi la mlamu pafumbi, ndinalikung'untha, n'kulitambasula msana uli kwa iwo. Ndinawalanda nyuzipepala ija n'kuloza ndi chala.

"Valani magalasi muone bwino. Nkhanga izi zaima ndi miyendo yake. Izi za pachithunzi zazondoka, miyendo m'mwamba. Diresi ili ndinasoka ndine, ilinso ndinasoka ndine, ndipo si limodzi."

Ndinalankhula mokweza, monyadira ndithu, ngati munthu amene akuphunzitsa ana osadziwa kanthu. Achimwene anatenga magalasi anga omwe, anayang'ana nthawi yaitali, anayang'ananso diresi. Kenako anatuluka pageti, anatola thumba lija n'kulowa nalo m'nyumba. Kupepesa sanapepese, mpaka lero. Mlamu anandigwira dzanja, ndipo ine mtima unakhala pansi.

Ndiye mayi wina wa pampanda anafunsa, mofatsa bwino, "Kanti lozondokalo munasokera ndani, sisi?"

Apo m'pamene ndinamva zimene ndinanena. Ndinayankha kuti sindikukumbuka. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anandikhulupirira, ndipo sanafunikenso kundifunsa. Ndinali nditawapatsa muyeso woti aliyense ayeze yekha.

Mawa lake, Lamulungu, pochokera kutchalitchi, ndinaona zimene sindinaonepo chibadwire. Madiresi obiriwira anali pa zingwe zoyanikira, osati kuseri kumene timayanika masiku onse, koma kutsogolo, msana utaloza kumsewu. Msuweni wathu anayanika lake. Amayi a atsikana awiri aja anayanika a ana awo, atawakanikiza ndi mapegi kuti mphepo isawatembenuze. Mlamu anayanika lake, ndipo sindimuimba mlandu. Ngakhale gogo wina wa m'sosayeti, woyenda ndi ndodo, anayanika lake, kaya ankaopa kuti ndani amuganizira. Palibe amene anauza mnzake kuti tichite chotere. Anthu odutsa ankachepetsa liwiro, kuyang'ana, n'kupitirira. Pofika pa nyumba yathu ankapeza chingwe chili ndi matawulo awiri.

Madzulo ake mng'ono wanga anakhala pabedi, manja ali pamiyendo. Nkhani ya ku Barbourfields anali ataimva kale.

"Ndikonza," ndinamuuza. "Bweretsa diresi."

"Asisi, musavutike."

"Ndati bweretsa."

Lolemba ndinalowetsa makina m'nyumba, ndinatseka chitseko, n'kuuza amayi kuti pakhonde pali mphepo. Ndinatulutsa diresi langa mu sutikesi. Kumsana kwake kunali nsalu yokwanira misana iwiri ya mng'ono wanga. Ndinalidula osamva chisoni. Ndinamasula msoko wa diresi lake pang'onopang'ono ndi lezala, ndinachotsa chidutswa chozondoka chija n'kuchiponya pamoto, ndipo ndinaikapo changa, nkhanga zitaima bwinobwino. Ndinalumikiza mizere kuti ya kumsana ikumane ndi ya m'mbali. Pa zaka zonse zimene ndasoka, sindinasokepo msoko wabwino ngati umenewo.

Lachiwiri m'mawa ndinachapa diresilo n'kuliyanika kutsogolo, msana kumsewu, ngati anzathu. Lili lonyowa linkaoneka bwino zedi. Ndinabwezera makina pakhonde, ndinakhala pansi, ndipo ndinayamba kusoka ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi.

Dzuwa la mwezi umenewo silichedwa. Pofika cha m'ma leveni diresi linali litauma, ndipo ndinaona chimene telala aliyense amayenera kuchidziwa asanagwire sizasi. Diresi la mng'ono wanga linali litachapidwa sabata ndi sabata kwa miyezi isanu, linasuluka. Langa linagona mu sutikesi. Chidutswa chatsopanocho chinkawala pakati pa msana, chobiriwira kwambiri, chooneka munthu ali kutsidya kwa msewu. Ndisanadzuke kuti ndikalichotse, mayi wa nyumba yoyang'anana nafe anali ataima kale pageti, tsache lili m'manja.

"Hayi, mwasoka bwino, sisi," anatero. "Koma mvula yagwa kumsana kokha."

Sindikudziwa amene anajambula. Mwina ndi iyeyo, mwina wodutsa, mwina mtsikana wa nsapato zabwino uja. Lachisanu nyuzipepala inatuluka ndi zithunzi ziwiri zogundizana: msana wa ku loji, ndi diresi lili pa chingwe chathu, mpanda wathu ndi makina anga zikuoneka kumbuyo. Pansi pake panali dzina la mng'ono wanga lonse, ndi mawu oti ndi wa ku Nguboyenja, mwana wa anthu ochokera ku Malawi. Chithunzi cha bwana uja tsiku limenelo chinali chaching'ono, chapakona, atavala tayi.

Amayi anawerengeredwa ndi mnzawo wa kutchalitchi, amene anayenda ulendo wonse kuchokera ku Mzilikazi kudzachita ntchito imeneyo. Atapita mlendoyo, amayi anatiitana tonse awiri. Diresi linali pamiyendo pawo, akusisita chigamba changa ndi chala.

"Nsalu ya bambo anu," anatero. "Wina wapita nayo ku loji, wina waidula."

Anapinda diresilo n'kuliika m'kabati mwawo, ndipo masiku atatu sanadye nafe.

Zotsatira zake zinali zimene aliyense wokulira m'lokeshoni angayembekeze. Atolankhani anaima pageti masiku awiri. Mwana wamkazi wa mng'ono wanga anabwera kuchokera kusukulu atang'ambika kolala, atamenyana ndi anzake amene ankalira ngati nkhanga iye akamadutsa. Mwamuna wa ku Joni uja anakumbukira mwadzidzidzi nambala yathu, n'kuimba kuti abale ake abwera kudzatenga ana. Amayi anamuyankha okha, mawu ochepa, ndipo abalewo sanabwere. Sosayeti inachita msonkhano n'kugwirizana kuti mng'ono wanga ayambe waima kaye. Ndinaimirira n'kufunsa ngati mkulu wolemekezeka nayenso ayamba waima. Wapampando anati nkhani imeneyo sinali pa mndandanda wa zokambirana. Wina kumbuyo ananong'ona kuti nanga tenti tizikaitenga kuti. Ndinatuluka msonkhano usanathe, ndipo ndinalira njira yonse, kulira kwa mkwiyo.

Mng'ono wanga anapirira masabata atatu osatuluka pageti. Kenako anati mnzake wamupezera ntchito ya m'nyumba ku Botswana, ana atsale ndi ine. Ndinamuperekeza m'mawa kokwerera basi, nditamunyamulira chikwama. Chiyambire nkhaniyi tinali tisanakambirane bwinobwino, ndipo ine ndinali ndi mawu amene ndinawakonza masiku ambiri.

"Sindinakutchule," ndinamuuza. "Ngakhale kamodzi."

"Ndikudziwa, asisi."

"Nanga ndikanatani? Mlamu akanathamangitsidwa chifukwa cha zinthu zoti sanachite."

"Ndikudziwa. Inenso ndinamva kuti achimwene ayamba kumuvutitsa, Lachinayi lomwe lija, ndipo ndinakhala chete. Zimenezo ndi zanga, ndipita nazo."

Kondakitala ankaitana anthu. Iye anatenga chikwama m'manja mwanga, anakonza juzi yake, ndipo analankhula mopanda ukali, ngati akundiuza za nyengo.

"Koma a nyuzi aja anali ndi msana wokha, asisi. Nkhope munawapatsa ndinu."

Anakwera. Ndinaima pomwepo mpaka basi inatuluka, kenako ndinapita kukagula ulusi, chifukwa kunyumba kunali yunifolomu za anthu zodikira. Mawu amenewo amandipweteka mpaka lero, ndipo sindinapezebe powatsutsira. Ndimabwerera pa bwalo la achimwene lija kawirikawiri m'maganizo. Ndikanatha kumutenga mlamu kupita naye kwathu mpaka mkwiyo utazizira. Ndikanatha kuwakokera achimwene m'nyumba n'kuwaonetsa nkhangazo awiriwiri. Nzeru zimenezi zinabwera mochedwa. Tsiku lija ndinkafuna kupulumutsa mlamu, inde, koma ndinkafunanso kuti anthu a pampanda aone kuti ine ntchito yanga ndimaidziwa.

Nyuzipepala inatisiya itapeza m'busa wina wa nkhani yonga yomweyo. Bwana uja anapambananso chisankho. Masiku a mpira amakhala pamthunzi m'bwalo la ku Barbourfields, anthu n'kumamuimbira m'manja akamalowa. Amayi atamwalira, patatha zaka ziwiri, tenti inachokera kwa iye yemweyo. Anafika, anati "Muli bwanji nonse," ndipo azimayi ena anayankha. Ine ndinali kuseri, ndikutsuka mbale zimene zinali zotsuka kale. Mng'ono wanga sanabwere kumaliroko. Anaimba foni, analira, anati sangathe kuima pamaso pa anthu amenewo. Ana ake ndi akuluakulu tsopano, wamkaziyo amandithandiza kudula nsalu, ndipo mayi awo amawaona akapita iwo ku Botswana pa tchuthi.

Chaka chino tikuvundukula chiliza cha amayi. Azakhali anatumiza uthenga kuti apezanso nsalu ina yokongola, yosapezeka kuno. Ndinawathokoza n'kuwauza kuti asavutike. Ndinapita m'tauni ndekha n'kugula ya buluu, yopanda chithunzi chilichonse, yoti kaya uizondotse kaya uitembenuze imaoneka chimodzimodzi. Ndi yomwe ili pa mawindo a theka la Makokoba. Amayi akanakhalapo akanandikalipira.

Ndagula yambiri, yotsala. Diresi loyamba kudula linali la mng'ono wanga, a akuluakulu asanabwere n'komwe kudzayezetsa. Muyeso ndatenga wa m'mutu, wa zaka zija, ndawonjezera pang'ono m'chiuno poti anthu timasintha. Ndinamutumizira chithunzi chake pa foni, kutsogolo ndi kumsana komwe. Zikuonetsa kuti anachiona Lachitatu. Sanayankhebe, ndipo diresilo ndalipachika kuseri kwa chitseko.